KODI MADZI A MVULA APITA KUTI?

Mvula yaikuru ikagwa, madzi ace agawanika pawiri: ena alowa pansi, ena athamanga pamwamba natenga dothi. Akatswiri okumba ngalande za m'mizinda ndi omanga madamu a ku migodi awerengeratu zimenezi ndi masamu mvula isanabwere.

M'caka ca 1933 katswiri wa ku America, Robert Horton, analongosola kuti nthaka iri ndi malire pa kumwa kwace. Poyamba nthaka youma imwa msanga. Koma mvula ikapitirira, timipata ta m'dothi tidzala, madontho atseka timaenje ta pamwamba, ndipo kumwako kucepa kufikira muyeso wina wosasinthika. Mvula ikaposa muyesowo, madzi otsala ndiwo asefukira. Mcenga umwa msanga koposa dongo.

M'mizinda bvuto likula, pakuti malata, konkire ndi misewu ya tara sizimwa konse. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa pa denga la mamita 10 m'litari ndi 10 m'lifupi, itaya malita 2,000, ndiwo madiramu 10. Tsono madenga akacuruka ndipo ngalande zikatsekeka, madzi alowa m'nyumba, monga acitira ku Kanyama mu Lusaka pa dzinja.

Nanga dothi lotengedwa lija? Limeneli limira madzi akadekha, koma silimira lonse pamodzi. M'caka ca 1851 George Stokes wa ku Cambridge anaonetsa kuti kadothi kocepa kawiri kamira mocedwa kanai. Aliyense akhoza kuyesa: athire dothi ndi madzi m'botolo, akhutcumule, naliike pansi. Mcenga ukhala pansi m'mphindi imodzi, matope osalala atsatira patapita maora, koma dongo lidetsa madzi tsiku lathunthu kapena masiku angapo.

Ndico cifukwa cace dziwe lodekhetsera madzi a ku mgodi liyenera kukula mokwanira. Likacepa, madzi aturuka msanga dongo lisanamire, napita nalo ku mitsinje yothira mu Kafue, amene anthu a ku Kitwe ndi a ku Lusaka amwako.

Anthu a m'makomboni nawonso ali ndi mbali yao. Udzu ndi mitengo pabwalo zithandiza nthaka kumwa ndi kugwira dothi, ndipo ngalande yosatayamo zinyalala isunga madzi kutali ndi khomo.