Masipuling'i ndi Kutsitsa Galimoto Yakale

M'phunziro lathu la sayansi lero tikamba za chitsulo chimene chimabisala kuseri kwa mawilo a galimoto, koma chimene chimasunga moyo wa aliyense wokweramo. Chitsulocho ndi sipuling'i.

Inu a ku Chazanga ndi ku Kabanana, amene mumakhala pafupi ndi msewu waukulu wopita ku Kabwe, kapena munaonapo galimoto yakale imene mimba yake yatsala pang'ono kukhudza pansi. Mwini wake anachotsa masipuling'i amene galimotoyo inabwera nawo, naikapo ena aafupi. Anthu otere amati galimoto yotsitsidwa imakongola, ndiponso imamvera chiwongolero pokhota. Kodi zimenezi n'zoona? Tisanayankhe, tiyeni tiyambe tadziwa ntchito ya sipuling'i.

Tengani cholembera chija chodina pamwamba, ndipo muchimasule. M'kati mupezamo kawaya kopotapota. Kakanikizeni ndi zala: kafupika. Katayeni: kabwerera mwakale. Mukakanikiza pang'ono kamafupika pang'ono, mukakanikiza kwambiri kamafupikanso kwambiri. M'chaka cha 1678 katswiri wina wa ku England, Robert Hooke, anafalitsa lamulo la zimenezi, lakuti kufupika kapena kutamuka kwa sipuling'i kumalingana ndi mphamvu imene yaikidwapo. Motero ngati makilogalamu 25 afupikitsa sipuling'i ndi sentimita 1, makilogalamu 50 adzaifupikitsa ndi masentimita 2.

Pa magalimoto pali mitundu iwiri imene mungaione kawirikawiri. Wina ndi wopota ngati wa m'cholembera uja, koma waukulu. Umenewu umapezeka pa magalimoto aang'ono. Wina ndi wa zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana. Umenewu muuone pansi pa malole ndi kumbuyo kwa maminibasi a Toyota Hiace. Ntchito yake ndi imodzi. Wilo likagunda mwala, sipuling'i imafupika n'kulandira nkhonya imene ikanafika kwa okwera. Wilo likalowa m'dzenje, sipuling'i imatamuka n'kukankhira tayala pansi kuti lisasiye nthaka. Pambali pake pamakhala chitsulo china chonga mpope, chimene amakaniko amachitcha shoko. M'kati mwake muli mafuta amene amadutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo ndiwo amaletsa galimoto kumangodumphadumpha ikapyola bampu.

Tsono n'chifukwa ninji ena amatsitsa galimoto? Aphunzitsi, yesani izi pamodzi ndi ana. Ikani njerwa ziwiri pa thabwa, ina yoimirira, ina yogona, ndipo mukhomere kamtengo m'munsi mwake kuti zisatsetsereke. Pendeketsani thabwalo pang'onopang'ono. Njerwa yoimirira ndiyo iyambe kugwa, chifukwa pakati pa kulemera kwake pali m'mwamba. N'chimodzimodzi ndi basi imene yasenza matumba a makala padenga: ikamakhota imapendekeka koopsa. Galimoto ikatsitsidwa, pakati pa kulemera kwake pamayandikira nthaka, ndipo popeza masipuling'i aafupiwo amakhalanso olimba, thupi lake silipendekeka kwambiri. Chotero pa msewu wa phula wosalala mawu a eni ake aja ndi oona ndithu.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tulutsani makope anu tichite samu. Tiyerekeze kuti pakati pa mimba ya galimoto ndi nthaka pali masentimita 15. Mwini wake waitsitsa ndi masentimita 4, patsala 11. Mwakwera anthu ndi katundu wolemera makilogalamu 300. Pogawira mawilo anayi, sipuling'i iliyonse yasenza makilogalamu 75. Ngati makilogalamu 25 afupikitsa sentimita 1, galimoto yatsikanso ndi masentimita 3. Patsala angati? Patsala 8 okha. Nanga ikakumana ndi mwala wa masentimita 10 pakati pa njira, chichitike n'chiyani?

Yankho mukulidziwa, pakuti njira zambiri zolowa m'kati mwa makomboni athu ndi zafumbi, zokumbika ndi madzi a dzinja. Pansi pa injini pali chibekete chosungira oilo. Chikabooka, oilo amatayika, ndipo injini yoyenda yopanda oilo imawonongeka m'kanthawi kochepa. Mpope wotulutsa utsi nawonso umakhula pansi n'kung'ambika. Choopsa koposa ndi ichi: sipuling'i yaifupi ndi yolimba ilibe danga lokwanira loti ifupike kapena kutamuka, kotero kuti pa msewu wa mabampu tayala limanjanja, nthawi zina n'kusiya nthaka. Tayala limene lili m'malere silimva buleki, silimvanso chiwongolero. Pa njira imene mumadutsa inu popita ku sukulu, kamphindi kameneko kangathe kutayitsa moyo.

Akatswiri a mpikisano wa magalimoto amazidziwa bwino zimenezi. Pothamanga pa phula amatsitsa magalimoto awo, koma pothamanga m'misewu ya fumbi amawakweza. Galimoto ya Peugeot 504, imene inatchuka m'Africa muno chifukwa cha kupirira misewu yoipa, inapambana mpikisano wa Safari Rally wa ku Kenya mu 1975. Kuno kwathu Satwant Singh anakhala ngwazi ya Africa yense maulendo 8 pakati pa 1988 ndi 2000, pothamanga m'misewu ya fumbi ndi miyala. Phunziro lake n'lakuti msinkhu wa galimoto uyenera kugwirizana ndi msewu umene ikuyendamo.

Magalimoto aang'ono ambiri amene mumawaona mu Lusaka anayamba agwira ntchito ku Japan, natsikira pa doko la Dar es Salaam, nalowa m'dziko muno kudzera pa Nakonde. Amafika ali okalamba kale. Galimoto yotere ikayamba kuyendayenda pa msewu ngati munthu woledzera, kawirikawiri cholakwa si msinkhu wake ayi, koma mashoko otha, timphira tolumikiza zitsulo timene tang'ambika, kapena matayala operepeseka. Pali njira yapafupi yoyesera mashoko. Munthu wamkulu akanikize ngodya imodzi ya galimoto ndi mphamvu, kenaka aitaye. Ikakwera n'kukhazikika nthawi yomweyo, shoko ili bwino. Ikapitiriza kuvina, shokoyo yatha. Kukonza zimenezi kumabwezera galimoto khalidwe lake popanda kuitsitsa.

Munthu amene watsimikiza mtima kutsitsa galimoto yake asunge malangizo anayi. Loyamba, agule masipuling'i opangidwira mtundu wa galimoto yakeyo, ndipo asinthe mbali zonse ziwiri pamodzi. Lachiwiri, aikenso mashoko ogwirizana ndi masipuling'iwo, pakuti akale satha kulamulira sipuling'i yolimba. Lachitatu, akatha apite nayo ku galaja kuti akawongole mawilo ndi nyali, chifukwa kutsitsa kumapendeketsa mawilo ndipo matayala amadyeka mbali ya m'kati. Lachinayi, asayerekeze kudula sipuling'i yakale kapena kuitentha ndi moto wowotcherera zitsulo. Yodulidwa ingathe kuchoka pa malo ake wilo likalowa m'dzenje, ndipo yotenthedwa imataya kulimba kwake, n'kudzathyoka tsiku lina lililonse. Kumbukiraninso kuti bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la chaka cha 2002, limayesa magalimoto kuti lione ngati ali oyenera kuyenda pa msewu.

Ana inu, ambiri mumakonda kuonerera amakaniko akugwira ntchito m'mphepete mwa msewu. Kuonerera n'kwabwino, pakuti amisiri a mawa ndinu, koma imani patali. Sipuling'i ya galimoto ikafinyidwa imasunga mphamvu yaikulu, ndipo ikapulumuka imauluka n'kuvulaza munthu koopsa. Musalowe konse pansi pa galimoto imene yaimikidwa pa jeke yokha kapena pa njerwa.

Aphunzitsi, nayi ntchito ya sabata ino. Ana apange magalimoto awiri a waya, ina yaitali miyendo, ina yotsika. Aziyendetse poyamba pa khonde la simenti, kenaka pa bwalo la miyala, ndipo alembe m'makope mwawo imene yagubuduzika pokhota ndi imene yakodwa pa miyala. Pomaliza ayankhe funso ili: kodi dalaivala wa takisi wonyamula anthu kuchokera m'tauni kupita m'kati mwa Chazanga nthawi ya dzinja mungamulangize chiyani, ndipo chifukwa ninji?

Tidzakumananso m'phunziro lotsatira. Tsalani bwino.