Bango la Magawo Anai

Lero sindinena za mbeu kapena za tizirombo ai. Ndifuna kunena za ana anu ang'ono ndi masamu ena amene amawabvuta.

Theka mwana sabvutika nalo, pakuti nzimbe amagawana ndi mbale wache masiku onse, ndipo amapenyetsetsa kuti asanyengedwe. Bvuto liyamba mukanena kuti "magawo atatu mwa magawo anai." Tsiku lina m'mudzi wina ndinaika njere 12 za chimanga pamphasa, ndi kuuza kamnyamata kuti kandipatse magawo atatu mwa anai. Kanatola njere zitatu nkumwetulira. Sikanali kopusa ai. Kanamva mau akuti "atatu," osadziwa kuti nchito yoyamba ndiyo kugawa. Titaunjika njerezo milu inai yofanana, kanakoka milu itatu, kanawerenga kokha nkupeza njere 9.

Tsono nayi njira imene mungayese kwanu, ngakhale inu amene simunapite kusukulu. Dulani bango lotalika mita imodzi. Mlangizi kapena mphunzitsi adzakuyezerani. Tengani luzi lotalika chimodzimodzi, mulipinde pawiri, mulipindenso pawiri, ndipo mulembe ndi mpeni pabango paja poyenderana ndi mapindidwewo. Bango lakhala ndi magawo anai, liri lonse masentimita 25.

Bango limeneli nla kumunda. Gawo limodzi ndiwo mpata wa phando ndi phando pobzala chimanga njere imodzi-imodzi. Magawo atatu, masentimita 75, ndiwo mpata wa mzere ndi mzere. Popanga mizere mpatseni mwana bangolo kuti aziyeza iye, akuwerenga mokweza: gawo limodzi, magawo awiri, magawo atatu. Mumfunse, "Atsala angati kuti bango lithe?" Musafulumire kumlembera 3/4. Akazolowera ndi manja, pamenepo mumuuze kuti nambala ya pansi inena magawo onse amene tadula, ndipo ya pamwamba inena amene tatenga.

Chenjerani pa chinthu chimodzi. Ana ambiri amati magawo awiri mwa asanu aposa magawo awiri mwa atatu, chifukwa 5 aposa 3. Musakangane naye. Mumfunse madzulo pakudya: mtanda umodzi wa nsima, akhuta ndani, ogawana anthu atatu kapena ogawana asanu? Funso limeneli palibe mwana amene alilephera.

Kapena wina adzati, "Izi nza aphunzitsi, ife zitikhudza bwanji?" Tamverani. Pamalo a mamita 9, mizere yotalikirana masentimita 90 ilowa 10, koma ya masentimita 75 ilowa 12. Mizere iwiri yataika, ndipo munda wonse ukatero nkhokwe idzakuuzani mwezi wa February. Ndiponso anthu akasonkherana kugula thumba la feteleza la makilogalamu 50, amene anapereka magawo awiri mwa asanu a mtengo wache ayenera kutenga makilogalamu 20. Inu mafumu mudziwa milandu imene imafika pabwalo chifukwa wina anagawa ndi maso okha.

Chifukwa chache ndipempha nyakwawa ili yonse kuti isunge bango limodzi loyezedwa bwino pakhomo pache, kuti anthu azidzalinganizirapo ao mizere isanayambe. Potumiza wodzadula bango, tumizani mwana.