Mbiri Imene Ili m'Zipupa: Ulendo Wapansi kwa Makanjira ndi pa Boma la Mangochi



Pa tsiku ngati lino, maso a anthu amakhala pa magule, pa zovala ndi pa zakudya za makolo, ndipo nkoyenera kutero. Koma pali mboni ina ya chikhalidwe imene siivina kapena kuimba, ndipo kawirikawiri imaiwalika. Mboniyo ndi nyumba. Wodutsa pa galimoto kapena pa njinga yamoto amangoona madenga akuthamanga. Woyenda pansi ndiye amamva zimene zipupa zikunena, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Munthu woyamba ulendo wake m'midzi ya kwa Makanjira, kum'mawa kwa nyanja, adzaona kuti nyumba zambiri nza ngodya zinayi, zokhala ndi khonde loimikidwa pa nsanamira. Masiku ano zimenezi sizidabwitsa aliyense, koma kale nyumba yodziwika m'madera ambiri a dziko lino inali yozungulira. Kamangidwe ka ngodya zinayi kanafika kuno ndi amalonda a Chiyao amene ankayenda miyezi yambiri kupita ku Kilwa ndi madoko ena a kunyanja yamchere. Pobwerera ankasenza nsalu, mikanda ndi mfuti, komanso ankabwera ndi zimene maso awo anaona: nyumba za Aswahili ndi mitengo ya mango. David Livingstone atafika ku mzinda wa Mfumu Mataka m'chaka cha 1866, m'dziko limene lero ndi Mozambique, anapezako nyumba zomangidwa motsanzira za kugombe. Mzindawo unkatchedwa Mwembe, kutanthauza mtengo wa mango. Chotero mango akuluakulu amene amapereka mthunzi m'midzi ya kuno ndi gawo la mbiri yomweyo.

Woyenda pansi akaima pa khonde la nyumba ya zidina, adzazindikira kuti amisiri akale sankamanga mwachisawawa. Denga lotulukira kunja limateteza chipupa cha dothi kuti mvula isachikokolole. Chiunda chokwera chimaletsa madzi kulowa m'nyumba. Udzu wofolera umasunga kuzizira m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene nyumba ya malata yopanda siling'i imasanduka ng'anjo. Khonde lenilenilo ndi chipinda chopanda chitseko: ndi pamene mlendo amalandiridwa, asodzi amasokerapo maukonde, ndipo nkhani za m'banja zimakambidwa dzuwa likapendeka. Kuseri, mkati mwa mpanda wa udzu kapena bango, kumakhala khitchini, bafa ndi malo a amayi. Kagawidwe kameneka kamasonyeza mmene anthu ankalemekezerana.

Akafika pa mzikiti, aone chipupa cha kumpoto. Adzapezapo kachipinda kotulukira kunja, kosonyeza mbali ya ku Makka, kumene opemphera amayang'ana. Mbiri imati Mfumu Makanjira inalowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo inali imodzi mwa mafumu oyamba a Chiyao kutero. Mzinda wake unali ndi aphunzitsi a Korani ndiponso zombo za matanga zimene zinkaoloka nyanja kupita kutsidya la kumadzulo.

Choonadi china nchowawa, koma sichiyenera kubisidwa pa mwambo wolemekeza makolo. Chuma chimene chinakuza mzinda umenewo chinachokera ku minyanga ya njovu komanso ku malonda a akapolo. Zombo zija zinkaolotsanso anthu omangidwa, amene ambiri a iwo sanaonenso kwawo. Woyenda m'mphepete mwa nyanja ayenera kuwakumbukira iwonso.

Mzinda wakale wa Makanjira sunatsale. Asilikali a Harry Johnston anauthira nkhondo m'chaka cha 1891. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho, Kaputeni Cecil Maguire anaphedwa pamene ankafuna kuwononga zombo za mfumuyo. Nkhondo inapitirira, ndipo m'chaka cha 1893 Angerezi anamanga linga limene analitcha Fort Maguire. Apa pali phunziro. Linga la opambana nkhondo lili ndi malo ake m'mabuku, pamene mzinda umene iwo anaugonjetsa unali wa dothi, mitengo ndi udzu, ndipo moto, mvula ndi chiswe zinaumaliza. Chimene chinapulumuka ndi luso, limene linapitirira kuchokera m'manja mwa mmisiri wina kupita kwa mnzake kufikira lero.

Kuti munthu amvetse bwino kusiyana kumeneku, ayenera kutsika ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, kudutsa pa Malindi pamene amishoni a Anglican a UMCA anakhazikitsa mishoni ndi chipatala cha St Martin's, mpaka kukaoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi. Akafika pa Boma la Mangochi, atsike galimoto ayambenso kuyenda pansi.

Tauni imeneyi inayamba ngati linga lotchedwa Fort Johnston m'chaka cha 1891, pafupi ndi mudzi wa Mfumu Mponda. Chinthu choyamba kuchiona ndi nsanja ya wotchi, yomangidwa ndi njerwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pafupi pake pali mzinga wa sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann kumayambiriro kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya m'chaka cha 1946. Chapafupi pomwepo pali nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, imene kale inali kalabu ya azungu.

M'misewu ya mithunzi ya dera limeneli ndimo munkakhala akuluakulu a boma la atsamunda. Nyumba za nthawi imeneyo zimadziwika ndi njerwa zootcha, zipupa zochindikala, madenga aatali a malata ndi makonde otakasuka. Kuseri kunkakhala tinyumba ta antchito, ndipo mtunda wa pakati pa nyumba yaikulu ndi tinyumbato umafotokoza za ulamuliro wa masiku amenewo momveka kuposa buku. Manja amene anaumba njerwazo ndi kuzisanja anali a anthu akuno, ndipo boma limene linkamanga nyumbazo ndi lomwe linkatolera msonkho pa nyumba iliyonse ya m'mudzi. Nchifukwa chake nyumba zimenezi si mbiri ya azungu okha. Ndi chuma cha anthu a m'boma lino, chifukwa muli thukuta la makolo awo.

Woyenda mwachidwi adzaona kuti nyumba ya bwanamkubwa pa Boma ndi nyumba ya msodzi kwa Makanjira zikufanana pa chinthu chimodzi, ndicho khonde. Dzuwa la kunyanja silinasankhe mtundu wa munthu, ndipo onse anaphunzira kuti m'dziko lotentha mthunzi ndi theka la nyumba. Kusiyana kwake nkwakuti za pa Boma zili ndi zaka zolembedwa, pamene za kumudzi mbiri yake ili m'mitu ya okalamba basi.

Apa mpamene pagona nkhawa. Nyumba zakale zikugwa kapena kugwetsedwa, ndipo m'malo mwake mukumangidwa za mabuloko a simenti, zambiri zopanda khonde. Madzi a nyanja atakwera m'chaka cha 2024, nyumba zambiri za m'mphepete mwa nyanja m'boma lino zinamizidwa. Palibe amene angadzudzule banja lofuna nyumba yolimba, yosafuna kufolera chaka ndi chaka. Koma gogo amene akudziwa amene anamanga mzikiti wakale wa m'mudzi, kapena amene anabzala mango a pabwalo la mfumu, akatsikira kuli chete asanafunsidwe, mbiriyo yapita naye.

Ntchito yopulumutsa mbiri imeneyi siifuna ndalama zambiri. Sukulu iliyonse ikhoza kutenga ophunzira kamodzi pa chaka kuti ayende m'mudzi mwawo, ajambule nyumba zakale ndi foni, ndi kulemba m'kope dzina la mmisiri, zipangizo zimene anagwiritsa ntchito ndi nyengo imene anamanga. Mafumu akhoza kuonetsa achinyamata malo a mabwinja, madoko akale ndi manda a makolo, ndi kuletsa kudula mitengo imene ikusonyeza malowo. Banja lofuna kugwetsa nyumba ya agogo liyambe laijambula. Amisiri a lero, pomanga ndi simenti, asataye khonde ndi chiunda chokwera. Mutu umodzi susenza denga, chotero zolembedwazo zikasonkhanitsidwa pamodzi ndi kuperekedwa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Mangochi, mdzukulu wa mawa adzakhala ndi pofunsa.

Mwambo ukatha ndipo ng'oma zikaleka kulira, aliyense wobwerera kwawo ayende pang'onopang'ono, aime pa nyumba yakale kwambiri ya m'mudzi mwake, apereke moni, ndipo afunse eni ake kuti anaimanga ndani.