MMISIRI WA NDOWA NDI MAKINA ODULA CITSULO

Munthu woyenda pa mseu waukuru wa Great East Road, akafika pa msika wa Sinda kapena wa Katete, amva kugogoda kwa amisiri osula ndowa ndi mbaula. Ambiri ayesa kuti nchito imeneyi iri ya nyundo cabe. Iai. Nyundo isanalire, mmisiri ayamba wayesa.

Thako la ndowa liri lozungulira. Ngati kupingasa kwace kuli masentimita 21, m'mphepete mwace mukhala masentimita 66, ndipo mmisiri aonjezapo pang'ono popindira. Tsono ndowa iri yotambasuka kukamwa, yocepa kunsi. Cifukwa cace lata la m'mbali silidulidwa lolunjika ngati citseko, koma lopindika ngati uta. Akaphonya muyeso, nsonga ziwiri sizikumana bwino, ndowa idontha, lata logula ndi ndalama litayika, ndipo usiku umenewo ana agona ndi njala.

Nzeru imeneyi ya mizere, ngondya ndi zozungulira, ku sukulu aicha jometri. Ndiyo yomwe itsogolera mlimi wa ku Vubwi pamene akhoma cikhomo pansi, namangapo cingwe, nazungulira naco kulemba pomanga nyumba yace.

Ndiyonso imene iyendetsa makina a m'mafakitale. M'caka ca 1952 akatswiri a pa Massachusetts Institute of Technology, ku America, anaonetsa makina osema citsulo otsata manambala obooledwa pa tepi. M'caka ca 1963 Ivan Sutherland, wa pa sukulu yomweyo, anaonetsa kuti munthu angathe kujambula mizere pa kompyuta. M'zaka zomwezo Pierre Bézier, wa ku fakitale ya magalimoto ya Renault ku France, anali kulongosola kupindika kwa thupi la galimoto ndi timadontho towerengeka, kuti makina akutsate.

Masiku ano wojambula angolemba kukula kwa kukamwa, kwa kunsi ndi msinkhu wa cinthu. Kompyuta icitambasula monga cidzaonekera pa lata, niyala zidutswa moyandikana kuti zotaya zicepe, ndipo makina adula. Koma makinawo sadziwa ndowa. Amvera manambala okha. Mmisiri wa pa Katete akalakwa aononga lata limodzi. Makina akapatsidwa muyeso wolakwa aononga malata 100 asanaime, onse olakwa cimodzimodzi. Cotero makina sanacotse munthu wodziwa kuyesa. Amfuna koposa kale.

Amuna a kum'mawa amene agwira nchito ku migodi ya Kitwe ndi Mufulira, ndi okhala m'matauni, aganizire bwino zimenezi. Mwana akabwera ku sukulu nati masamu a mizere alibe phindu, kholo lisamkalipire. Limtengere ku msika, akaone mmisiri alikulemba lata ndi msomali. Kuona maso a nkhono nkudekha: mwana amene adekha pa muyeso wa ndowa lero, ndiye adzalamulira makina mawa.