Za Kulemba Maganizo a Malonda



Pa cikondwerero cino ca Jubile tikumbukira kuti makolo athu anaphunzira kulemba m'sukulu za misyoni. Tsono ndifunsa: kodi luso limenelo tifika nalo kumsika? Pakuti ambiri a ife ticita malonda, wina a usipa, wina a mtedza, wina asoka zobvala. Koma maganizo onse a nchitoyo tiwasunga m'mutu, ndipo mutu uiwala, unyenganso mwini wace.

Amalonda akale a ku Italy anacidziwa ici. M'mudzi wa Prato munali wamalonda dzina lace Francesco Datini, amene anamwalira m'caka ca 1410. Iye anali nazo nyumba za malonda ku Pisa, ku Genoa, ku Avignon ndi ku Barcelona, kumene maso ace sanathe kupenya tsiku ndi tsiku. Ndipo anaziyendetsa ndi makalata. Zolembedwa zace zisungidwa kufikira lero: makalata monga 150,000, ndi mabuku a ndarama oposa 500. Pomwalira anasiyira aumphawi a mudzi wace cuma cimene anacisamala cotero.

M'caka ca 1494, ku Venice, Luca Pacioli, mphunzitsi wa masamu wa m'gulu la Francis wa ku Assisi, anasindikiza buku lofotokoza macitidwe a amalonda a kumeneko. Anaphunzitsa kuti munthu asanayambe malonda alembe zonse ali nazo ndi mangawa ace onse. Atatero alembe zolowa ndi zoturuka za tsiku liri lonse.

Tiyerekeze ndi za kwathu. Mai wina aganiza zogula usipa kunyanja ndi K100,000, nadzaugulitsa K125,000. M'mutu mwace aona phindu la K25,000, nakondwera. Koma akalemba, akumbukira galimoto, K20,000. Msonkho wa msika ndi cakudya ca panjira, K10,000. Taonani, pepala limuuza kuti adzataya K5,000, ndipo limuuza ndarama zikali m'thumba. Wosalemba adzazindikira pamene mpamba watha, ndi ana abwezedwa kusukulu.

Cifukwa cace, musanaturutse ndarama, tengani kope mulembe zinai izi. Coyamba, cimene mudzagulitsa, ndi anthu amene adzacigula. Caciwiri, ndarama zonse zimene zidzaturuka, ngakhale zazing'ono. Cacitatu, mtengo wogulitsira ndi phindu loyembekezeka. Cacinai, nyengo, pakuti mtengo wa cimanga pa masika suli wofanana ndi wa mwezi wa January. Mutalemba, onetsani mnzanu wodziwa malondawo. Mutu umodzi susenza denga. Koma mnzako sangakonze ganizo limene liri lobisika m'mutu mwako.

Ndipo malonda atayamba, musaleke kulemba. Siyanitsani mpamba ndi phindu, kuti mungadye mbeu. Wokongola ali yense alembedwe dzina, tsiku ndi ndarama zace, angakhale ndi mlamu wanu. Ena ati kulemba mbale wako ndiko kusamkhulupirira. Iai, ndiko kusunga cibale. Pakuti milandu yambiri ya ngongole ibadwa pamene anthu awiri oona mtima akumbukira mosiyana. Kumbukiraninso tsiku limene simudzakhalapo. Mwamuna akamwalira ndi malonda ace m'mutu, mkazi wamasiye aona obwera kudzalonjerera mangawa, koma amene anakongola kwa mwamuna wace akhala cete.

Inu aphunzitsi, muyenda m'midzi yonse, ndipo anthu akukhulupirirani. Pamene mupeza wamalonda wosadziwa kulemba, khalani naye pansi, mumlembere tsamba loyamba, nimuphunzitse mwana wace kulemba masamba otsatira. Kope ndi pensulo mtengo wace ngwocepa, suposa wa nkhuku imodzi; ndipo zikhoza kupulumutsa mpamba wa banja lonse.