Thukuta ndi magazi athu nazonso ndi sadaka

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale kwa Mtumiki wake Muhammad (SAW).

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ambiri a ife tikamva za ndawala kapena liwiro losonkhetsa ndalama timati ndi zochita za anthu a m'tauni. Komatu phindu lake limafika pakhomo pathu. M'chaka cha 2005, Nation Publications Limited idayambitsa Mother's Fun Run, ndipo ndalama zosonkhedwazo zakhala zikugulira zipangizo za m'zipinda zochirira amayi m'zipatala za m'maboma. Taganizirani za mayi wa ku Makanjira amene wataya magazi pobereka, ulendo wa ku chipatala chachikulu cha Mangochi uli wautali. Moyo wake umadalira zimene ena adapereka kale.

Zakaat, yomwe ndi 2.5 pa 100 iliyonse, imakakamizidwa kwa amene chuma chawo chafika pa nisaab. Sadaka ilibe malire otere. Msodzi wopanda ndalama ali ndi miyendo yoyendera ndawala, alinso ndi magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limalandira magazi kwa anthu athanzi a zaka 16 mpaka 65, ndipo magaziwo amachepa sukulu zikatsekera, poti opereka ambiri ndi ophunzira.

Choncho zochitika zoterezi zikalengezedwa, tipiteko. Tivale modzilemekeza, tisunge nthawi ya swala, ndipo makomiti osonkhetsa ndalama atiwerengere poyera zimene zapezeka. Tisapereke kuti anthu atione, pakuti Allah amayang'ana niya.

Allah ateteze amayi athu ndi makanda awo. Ameen.