Kodi Kutopa kwa Dokotala Kungayesedwe?

Khalani chete, mutchere khutu.

Mukadwala, makolo anu amapita nanu ku chipatala cha ku Kafue kuno. Kumeneko namwino amayesa kutentha kwa thupi lanu, ndi kukukwezani pa sikelo. Nanga dokotala kapena namwino akatopa, kutopa kwakeko kungayesedwe ndi chiyani?

Sitikunena kutopa kwa munthu wochokera kumunda, kumene kumatha akagona tulo. Kulipo kutopa kwina kobwera pang'onopang'ono, pamene munthu wapanikizika ndi ntchito kwa miyezi ndi zaka. M'chaka cha 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linafotokoza zizindikiro zake zitatu: mphamvu zimatheratu, mtima umachoka pa ntchito, ndipo ntchitoyo siyendanso bwino monga kale.

Kutopa kotere kulibe sikelo. Muyeso wake ndi mafunso. M'chaka cha 1981 akatswiri awiri a ku America, Christina Maslach ndi Susan Jackson, anakonza ziganizo 22 zonena za mmene munthu akumvera pa ntchito. Pa chiganizo chilichonse wantchito amasankha nambala, kuyambira 0 ngati zimenezo sizimuchitikira konse, kufikira 6 ngati zimamuchitikira tsiku ndi tsiku. Kenaka manambalawo amawonkhetsedwa.

Kwathu kunonso anthu a m'zipatala anafunsidwapo za kutopa. M'kafukufuku wofalitsidwa mu 2009, antchito 483 a m'zipatala za boma la Lusaka anayankha mafunso, ndipo 51 mwa 100 alionse anati ali ndi vutoli. Ku Malawi, kafukufuku wa 2018 anagwiritsa ntchito mafunso a Maslach aja pa antchito 520 osamalira odwala HIV. Otopa anali 62 mwa 100 alionse, ndipo iwowa ndiwo ankavomera kawirikawiri kuti sanasamalire odwala moyenera.

Taonani tsono chifukwa chake kuyesaku n'kofunika: dokotala akatopa, wodwala ndiye amavutika. Manambala amathandiza akuluakulu kudziwa kumene kukufunika antchito ena ndi nthawi yopuma.

Aphunzitsi, tikatha pano lembani timadontho 100 pa bolodi, ana azungulize 51, ndipo anene ngati tikupitirira theka. Inu ana, mukakapita kuchipatala, kadikireni pamzere mofatsa ndi kuthokoza wokuthandizani.

Tsalani bwino, tidzakumananso mlungu wamawa.